Nyumba ya achimwene ku Nkhorongo: zomwe ndinaona poyang'anira amisiri

Achimwene anga ali ku Johannesburg, ndipo ngati anzawo ambiri akuno kumpoto amene ali kumeneko, nkhani yawo inali imodzi basi, akamadzabwera adzapeze nyumba itaima. Puloti anagula ku Nkhorongo, yotsetsereka ndithu monga mukudziwira mmene Mzuzu alili, moti wojambula pulani anati kumunsi kutuluka zipinda ziwiri zapansi kenako silabu pamwamba pake. Poti ine ndi amene ndili pafupi, ntchito yoyang'anira inagwera ine. Ine si injiniya ayi, ndimagulitsa kaunjika, za simenti ndinkangodziwa kuti thumba lake ndi la 50kg basi.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa anthu ambiri amene akutumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi n'kumalandira zithunzi pa WhatsApp, khoma lakwera, mawindo alowa, mtima n'kukhala pansi. Koma abale chithunzi cha khoma sichikuuzani kanthu. Zomwe zimagwetsa nyumba zimakhala zitakwiriridwa kale nthawi yomwe munthu akujambulayo.

Mwayi wanga unali adada ena a kutchalitchi kwathu, anapuma ntchito koma moyo wawo wonse anali woyang'anira ntchito zomanga, masukulu, zipatala, zotero. Nditawafotokozera anangondiuza chinthu chimodzi. Akuti mwana wanga, chilichonse chimene amisiri akufuna kuchikwirira, kaya ndi dothi, kaya ndi konkire, kaya ndi pulasitala, kaya siling'i, uzichiona kaye iwe kapena injiniya, ndipo ndalama ya gawo limenelo isatuluke usanachione. Akuti ku mapulojekiti akuluakulu ndi mmene zimayendera, kontilakita sangathire konkire asanaitane woyang'anira kudzaona zitsulo n'kusaina pepala, akathira mwa yekha amamuuza kuti aphwanye. Ndiye chinsinsi chake palibe chachilendo, kungoti ife a nyumba zing'onozing'ono timachita manyazi kumuimitsa mmisiri.

Tisanakumbe n'komwe tinakhala pansi kulemba pepala. Pulani inali itadutsa kale ku Mzuzu City Council, ndipo kontilakita tinamufunsa satifiketi yake ya NCIC, bungwe lomwe linkalembetsa makontilakita, anabweretsa. Ndikudziwa ambirife timangotenga bilida wa m'dera amene anamanga ya aneba, palibe vuto, koma naye lembani naye pepala. Lathu linanena kuti simenti ya mtundu wanji ipita pati, kasakanizidwe kake, geji ya malata, ndani azigula katundu, malipiro agawidwa bwanji, komanso kuti pa malipiro aliwonse tizisungako 10 peresenti mpaka nyumbayo itaona dzinja limodzi. Apa ndi pomwe tinakanganapo kwambiri koma anavomera. Injiniya sitinamulembe wa tsiku ndi tsiku, ndalama zake zikanachokera kuti, tinangogwirizana kuti azibwera pa magawo ofunika okha, maziko, mapilala, silabu ndi ring'i bimu, n'kumamulipira ulendo uliwonse.

Pa maziko zinayamba kuonekera pompo. Anyamata anakumba ngalande zija motsatira kutsetsereka kwa malo, pansi pake naponso potsetsereka, mwachangu ndithu. Injiniya atafika anati ayi, pamalo otere pansi pa maziko pamayenera kukhala pa levulo n'kumatsika ngati mmene pulani ikunenera, masitepe masitepe, apo ayi nyumba imakhala ikufuna kutsetsereka nalo phirilo. Kenako anatenga chitsulo cha Y12, chija chonenepa 12mm, n'kumayenda m'ngalandemo akubaya pansi. Malo ambiri chinkangogunda dothi lofiira lolimba lija. Atafika pa kona ya kumunsi anangotsamira pang'ono chitsulo chija n'kulowa pafupifupi mpaka m'chiuno mwake, tonse kuyang'anana. Kukumba, kunali chulu chakale chomwe wina anasalaza, mkati mwake mphako zokhazokha. Pamenepo anakumba mpaka kupeza dothi lenileni, kuthira mankhwala a chiswe, n'kudzaza ndi konkire. Amene munali muno mu April 2016 mukukumbuka mmene mvula ija inagwetsera nyumba m'makomboni athu, makamaka za m'zitsetse ndi za m'madambo. Kona ngati imene ija ndi yomwe imayamba kukhala pansi dothi likakhuta madzi.

Tsopano nkhani ya wilibala, imeneyi ndiikhalira pang'ono chifukwa ndi yomwe anthu ambiri akupwetekera osadziwa. Pepala lathu linati konkire wa mapilala ndi silabu akhale 1:2:4, kutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Tsiku loyamba kusakaniza ndikuona dakaboyi wathira thumba limodzi la simenti, mawilibala awiri a mchenga, anayi a kwale. Ndikufunsa folomani, kontilakita wathu uja, akuti amama ndi 1:2:4 imeneyo, musadandaule, takhala tikumanga chonchi. Ine n'kuona ngati zoona, wani, thuu, folo, masamu akugwirizana. Adada aja anali pomwepo tsiku limenelo, sanakangane naye, anangoti tabweretsa wilibala yopanda kanthu. Anathiramo thumba limodzi, linangofika theka. Kuthira lachiwiri ndi pomwe inadzadza. Akuti waona? Thumba la simenti ndi malita pafupifupi 35, wilibala ya amisiri ndi malita 65 kapena kuposa akaiunjika. Ndiye ukaika thumba limodzi pa mawilibala awiri ndi anayi, wapanga 1:4:8, simenti yachepa ndi theka lathunthu. Konkire wotere ndi woyala pansi penipeni, osati wonyamula nyumba. Folomani anangoti aaa adada, n'kuseka, ndipo ine sindikhulupirira kuti ankafuna kuba ayi, anangophunzira choncho kwa amene anamuphunzitsa.

Chomwe tinachita, kalipentala anakhoma bokosi la matabwa, mkati mwake 30cm ndi 30cm, kuya 40cm, lopanda pansi, lokhala ndi zogwirira. Limenelo ndi pafupifupi thumba limodzi. Basi, thumba limodzi, mabokosi 2 a mchenga, 4 a kwale, osaunjika, kusalaza pamwamba ndi thabwa. Anyamata ankadana nalo bokosilo chifukwa limachedwetsa, ndikangotembenuka abwerera ku wilibala kkkk. Nde adada anandiphunzitsa njira ina yowagwirira, konkire wa 1:2:4 amadya matumba 6 kapena kupitirira pang'ono pa kiyubiki mita imodzi. Injiniya akakuuzani kuti silabu yanu ndi makiyubiki angati, mumadziwiratu matumba ofunika, madzulo mukungowerenga matumba opanda kanthu. Akatsala ambiri osatsegula musasangalale kuti mwapulumutsa ndalama. Matumba opanda kanthuwo ndinkawatenga ine, osawasiya pa saiti.

Madzi nawonso ndi nkhondo ina. Anyamata amakonda konkire woyenda yekha ngati phala la mwana chifukwa savuta kupalasa ndi fosholo komanso amalowa yekha m'mashatala, matabwa aja othiramo konkire. Koma madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo mkati ndipo mphamvu imatsika kwambiri. Injiniya anati pa thumba limodzi madzi asapitirire malita 25, ndipo mchenga ukakhala wonyowa, zomwe ku Mzuzu kuno ndi za masiku onse, achepe kuposa pamenepo. Anali ndi kachitini kake kooneka ngati fanulo, kotalika 30cm, amadzazamo konkire akusinja ndi kachitsulo, kuzula, n'kuyeza kuti watsika bwanji. Akangophwasuka n'kuyenderera pansi, wakanidwa. Inu mulibe kachitiniko, tengani konkire pa fosholo n'kupendeketsa, akamayenderera madzi a simenti akuthawa miyala n'kutsala yokha, auzeni achepetse.

Mchenga tinabwezapo lole yathunthu. Unkaoneka bwinobwino koma ukaufinya m'manja unkasiya dothi. Kuyeza kwake n'kosavuta, botolo loonekera mkati, mchenga kufika theka, madzi, kamchere pang'ono, kukhutchumula kwambiri n'kulisiya maola angapo. Mchenga umakhala pansi, matope amadzakhala pamwamba pake ngati mzere wake wake. Mzere umenewo ukakhala wochindikala, tinene kuyandikira gawo limodzi mwa magawo 10 a mchengawo, si wa konkire umenewo. Dalaivala anakwiya, akuti madamu aliyense akutenga womwewu, inu ndinu ndani. Ndinangomuuza kuti achimwene pitani nawo kwa aliyenseyo. Kuyambira pamenepo ndinkaona mchenga uli pa lole usanatsitsidwe, chifukwa akangokhuthula ndi wanu basi.

Za simenti mwachidule. Onani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndi nambala yomwe yalembedwa pa thumba, 32.5 kapena 42.5. Ilipo ina yotsika mtengo yomwe ndi yomangira njerwa ndi pulasitala yokha, imeneyo isapite mu silabu ngakhale wogulitsa anene zotani. Thumba likakhala ndi mibulu yolimba yosaphwanyika ndi zala, lamwa chinyezi, libwezeni. Musagule yambiri yodzasunga miyezi, kuno chinyezi n'chambiri, ikapitirira miyezi 3 imakhala itayamba kufooka, ndipo poisunga ikhale pa matabwa, osagunda khoma. Ine ndinkabwereka sikelo ya chimanga n'kuyezako matumba angapo pa ulendo uliwonse, alipo anthu amene amapungula n'kusokanso.

Sikelo yomweyo inagwiranso ntchito pa zitsulo. Y12 weniweni wa mamita 12 amalemera pafupifupi 10.7kg, Y10 pafupifupi 7.4kg, Y16 pafupifupi 19kg. Pali zitsulo zina pamsika zomwe amazitchula Y12 koma ukaziyeza zikupelewera kutali, ndi diso sungaone.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndi lothira silabu. Folomani anali atasonkhanitsa kale anyamata aganyu, amayi otunga madzi afika, mikisa yobwereka ikulira, ine ndagula ufa ndi usipa wa gulu lonse. Injiniya anafika m'mawa ndithu n'kukwera pamwamba ndi tepi yake. Anayamba ndi mabimu, pulani ikuti maling'i, tizitsulo topinda tozungulira zitsulo zazikulu za bimu, akhale motalikana 20cm, akuyeza akupeza 30, pena 35. Polumikiza zitsulo, pomwe Y12 amayenera kupitirirana 60cm, pena zinangopsompsonana pang'ono. Kenako anagwada n'kulowetsa dzanja pansi pa zitsulo za silabu, zinali zitagona pa matabwa penipeni, popanda timabisiketi ta simenti tija tonyamulira. Akuti zitsulo zimafuna konkire wozikuta 2cm mpaka 2.5cm, apo ayi mukadzachotsa matabwa zidzaonekera pansi, zichita dzimbiri, dzimbirilo likamatupa limaphulitsa konkire. Anatsika n'kunena mofatsa kuti lero sitithira.

Eeh, kunali phokoso. Folomani akuti amama anthu onsewa ndiwalipira chani, mikisa ndalipira kale, injiniya wanuyu ndi wa m'buku sadziwa ntchito, ine ndamanga nyumba zambiri muno mu Mzuzu palibe inagwa. Aganyu nawo akung'ung'udza, ena ayamba kundiyang'ana ine ngati ndine mfiti. Kunena zoona mtima unkafuna kungoti thirani basi tithane nazo. Ndinatulutsa pepala lija n'kumuwerengera pomwe anasaina yekha kuti konkire sathiridwa injiniya asanavomereze. Nsima ija anadya ndithu poti inali itaphikidwa kale, koma tsiku lonse linathera kumasula mawaya, kuwonjezera maling'i ndi kuumba timabisiketi. Maling'i omwe anasowa aja tinawapeza atapindidwa kale ali mu sitolo, nanga akanapita kuti ntchito ikatha, aliyense aganize yekha. Anathira patapita masiku, ndi poka yogwedezera konkire yomwe injiniya anaumirira kuti tibwereke, chifukwa kusinja ndi mtengo kumasiya mphako m'mapilala, zija mumaziona amisiri akuzimata msangamsanga ndi daka mwini wake asanafike.

Tsiku lomwelo anatengako konkire m'timabokosi tachitsulo ta 15cm mbali zonse, kukaphwanya ku labu, tina pa masiku 7 tina pa 28. Pa masiku 28 ndi pomwe konkire amawerengedwa kuti wafika mphamvu yake, pa 7 amakhala ali cha pa magawo awiri mwa atatu, ndiye ngati pali vuto mumadziwa msanga musanamange pamwamba pake. Pa nyumba wamba yopanda chipinda chapamwamba mwina simungavutike nazo, koma ngati pali anthu odzagona pansi pa silabu, ndalama ya labu ndi yochepa kuyerekeza ndi simenti yomwe mwathirapo.

Kuthirira. Amisiri akangomaliza kuthira amaona ngati ntchito yatha, wina anachita kundiuza kuti kuno ndi ku Mzuzu mvula ithirira yokha. Konkire sauma ngati chovala ayi, simenti imafuna madzi kuti ipitirize kulimba, ikauma msanga yaima pomwepo. Masiku 7 osachepera akhale wonyowa usana ndi usiku. Ife tinayala masaka pamwamba n'kulemba mayi wina wapafupi kuti azithira m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ndinkamulipira ine mwini osati kudzera kwa folomani. Mapolo a bulugamu ochirikiza pansi folomani ankawafuna msanga kuti akagwiritse ntchito pa saiti ina, injiniya anati asakhudzidwe mpaka masiku 21 atakwana, poti kuzizira kwa kuno kumachedwetsa konkire kulimba, June ndi July makamaka.

Pakhoma sipanavute kwambiri. Tinagwiritsa mabuloko a simenti. Kuyambira 2018 malamulo analetsa njerwa zootcha pa nyumba za boma, za mabungwe ndi zamalonda chifukwa cha kutha kwa mitengo, ndiye oumba mabuloko achuluka paliponse, ena abwino ena ongofuna ndalama. Buloko labwino ukalikanda ndi msomali silikhuthuka mchenga, ukaligwetsa kuchokera m'chiuno pa dothi lolimba silimwazika. Ndipo musalole kukupatsani oumbidwa dzana, afunika akhale atathiriridwa n'kukhala milungu ingapo, aawisi amadzakhwinyata ali pakhoma ming'alu n'kuyamba. Ndinkaonetsetsa kuti pepala lakuda loletsa chinyezi laikidwa pamwamba pa maziko khoma lisanayambe, waya wa bulikifosi wolimbitsa khoma akulowa pa mizere yomwe tinagwirizana, ndipo makona ndinkayeza ndekha ndi tepi, 3 mbali iyi, 4 mbali iyo, kuchoka nsonga iyi kufika nsonga iyo pakhale 5, ndiye kuti kona ili sikweya. Pulamu yoonera ngati khoma laima chilili ndinagula yanga.

Ring'i bimu achimwene ankafuna tiidumphe, akuti achemwali ndalama zikuthatu kuno, malintala pa mawindo ndi zitseko sakwanira? Ndinawakumbutsa za ku Karonga, zivomezi za December 2009 zija zinagwetsa nyumba zambirimbiri, ndipo kuno kumpoto tili pafupi ndi chigwa chomwecho cha nyanja momwe nthaka imagwedezeka. Bimu yozungulira nyumba yonse ndi yomwe imamanga makoma pamodzi kuti asatseguke m'makona, komanso ndi pomwe denga limamangiriridwa kuti mphepo isalinyamule. Anatumiza ndalama ija akudandaula.

Apa ndinenepo mbali ina, chifukwa tisamangonyoza amisiri. Nthawi zambiri wowononga nyumba ndi mwini wake. Ukamuuza bilida kuti matumba 10 okhawa akwanire, iye sakana, akwaniritsa ndithu, mchenga ndi waulere. Ukamuchedwetsera malipiro milungu, nayenso ali ndi ana, thumba limodzi lidzatuluka pa geti usiku. Ine gawo likangovomerezedwa ndinkalipira tsiku lomwelo, ndipo folomani uja, ngakhale tinkakangana, pofika pa denga anali atayamba kundiimbira yekha kuti amama bwerani mudzaone tisanatseke.

Denga ndidutsa mwachangu. Matabwa a paini a ku Chikangawa ndi abwino koma ambiri amagulitsidwa aawisi, mukakhoma choncho amadzapindika malata n'kuyamba mafunde, ndiye agulani msanga aume pamthunzi, apakidwe mankhwala a chiswe mbali zonse ndi modula momwe. Malata kumbukirani kuti nambala ikamakwera ndiye akupyapyala, geji 28 ndi yochindikala kuposa 30 ndi 32, ndipo onani zomwe zadindidwa pa lata lenilenilo osati pa lisiti. Mapaipi a madzi tinawatsegulira madzi n'kutseka matepi onse usiku wonse pulasitala asanapake, joini imodzi ya ku bafa inapezeka ikudontha, kukonza kwake mphindi zochepa, koma ikanakhala mkati mwa matailosi bwenzi tikuswa khoma. Wamagetsi tengani wa mapepala ake, ESCOM idzawafuna polumikiza.

China chomwe chinandithandiza ndi kope la hadikava lomwe linkakhala pa saiti. Katundu wabwera, matumba atsegulidwa angati, injiniya wanena chani, zonse mmenemo, folomani n'kusaina. Zithunzi zopita ku Johannesburg ndinkajambula tepi ili pomwepo pa zitsulo kuti manambala azioneka, osati khoma lokha. Amene muli kunja, muuzeni m'bale wanu azikutumizirani zotere, ndipo ngati n'kotheka woyang'anira asakhale yemweyo amene akugula katundu.

Atamaliza tinayenda chipinda ndi chipinda ndi kope lija kulemba zotsala, chitseko chosatsekeka bwino, matailosi olira mphako ukawagogoda ndi ndalama yachitsulo, madzi a mu shawa othawira ku chitseko m'malo mwa ku dileni. Zambiri anakonza sabata yomweyo. Mvula itafika pachimake cha mu March, khoma la zipinda zapansi lomwe latsamira phiri linayamba kuda chinyezi m'munsi, komanso pa vale ya denga, ngalande ija yokumanirana malata, pankadontha mphepo ikamaomba kuchokera mbali imodzi. Ndinaimba foni kamodzi kokha, m'mawa mwake folomani anali pa geti ndi anyamata awiri, poti 10 peresenti yake inali idakali kwa ife. Anakumba kuseri kwa khomalo, kupakanso phula, kuika miyala ndi paipi yoboola yotulutsa madzi, n'kukonza ngalande ya pamwamba kuti madzi ochokera ku puloti ya aneba azilambalala nyumba. Vale anaisintha ndi yotambalala. Ndalama yake tinamupatsa mu June mvula itasiya, khoma litauma.